Namawanga Wakana Kuikira

Amayi anga,

Kodi kumeneko mukukhalako bwanji? Kumazizira ngati kuno? Kuno Juni walowa mwaukali. M'mawa nkhungu imatsika kuchokera kumapiri a Ntchisi n'kukwirira mudzi wonse, moti nkhokwe imaoneka ngati ikuyandama. Munthu akamachokera kumjigo umayamba wamva ndowa kulira, mwini wake n'kumuona pambuyo. Ndikulemba nditakhala pa njerwa za khola la akamba anu, kope lili pabondo. Mundikhululukire zilembo zokhota. Ndikulemba mothamanga, nthawi ndilibe, chifukwa mawa m'mawa ndikunyamuka kupita kuchidikiro ku Mtengowanthenga.

Eya Amayi, ndili ndi pakati. Munachoka musakudziwa, inenso pa maliro anu ndinali ndisanadziwe. Ndinkangoti mseru wa kulira. Tsopano mwezi wachisanu ndi chinayi wayamba. Anamwino a kusikelo anati popeza Takondwa anabadwa ndi opaleshoni, ndisayerekeze kudikira matenda kunyumba, ndikakhale pafupi ndi madokotala. Ondidikirira ndi mng'ono wanu, amayi aang'ono a Nelesi. Mtima wawo ndi wabwino, koma pakamwa pawo mukupadziwa nokha.

Ndikuuzeni za pakhomo kaye, mungati mwanayu wangobwera ndi mavuto okhaokha. Chimanga chinachita bwino kumunda wa kudambo, nkhokwe yadzaza mpaka tasanja china pakhonde. Mtedza ndiye ayi, mvula inaduka usanakhwime, wambiri ndi mphwephwa. Mbuzi yanu yoyera ija yabereka mapasa, onse aakazi. Mkamwini wanu, bambo a Takondwa, anafolera khitchini ndi udzu watsopano, ndipo sakumwanso ngati kale, mwina akuopa kuti mukuwaona. Takondwa akuyankhula tsopano, osati pang'ono. Akamba anu amawatchula kuti miyala ya agogo. M'mawa uliwonse amathyola nkhwani n'kukaima pakhola n'kumakuwa, "Miyala, dzukani, tiyi wapsa!"

Chiliza chanu tinamanga mwezi wathawu. Anthu anabwera ambiri, a ku Mponela, a ku Boma, ngakhale achimwene anu a ku Kasungu. Amayi a kumpingo anavala zoyera zawo n'kuimba nyimbo ija munkaikonda pochapa. Zonse zinayenda bwino. Koma ndi pokonzekera mwambo umenewo pamene ndinalakwa, ndipo ndicho ndatengera cholembera lero.

Namawanga wakana kuikira, Amayi.

Mukudziwa kuti kamba ameneyu ndi wamkulu kwa ine. Munamutola ine ndisanabadwe, tsiku lomwe moto wa osaka mbewa unalusa kuphiri, chigoba chake chitapsa mbali imodzi. Munabwera naye mutamukulunga m'chitenje ngati khanda, anthu n'kumakusekani kuti kamba amanyerera womutola. Inu munangoti, "Andinyerere, sopo alipo." Wamwamunayo anabwera pambuyo pake, ndipo munamutcha Kondakitala chifukwa ntchito yake ndi kukankha mnzake kumbuyo, ngati aja okweza anthu minibasi pa Mponela. Zaka zonsezi, tikangokolola, Namawanga ankakumba dzenje lake n'kuikira. Ine ndinkangoona mazira atakwiriridwa kale, kapena tiana titatuluka, tating'ono ngati chitsekerero cha botolo la mafuta. Sindinafunsepo kuti zimayenda bwanji. Ndinkayesa kuti zimangochitika zokha, ngati mango kupsa.

Tsiku lomaliza lija, mpweya ukukuvutani, simunanene za munda kapena za mbuzi. Munandigwira dzanja n'kuti, "Esinati, alendo anga aja usawataye." Ndinavomera. Ndipo sindinawataye, Amayi. Ndimawapatsa nkhwani, chisoso, bonongwe, makoko a maungu. Ndimawaphwanyira zigoba za nkhono monga munkachitira, kuti mazira adzakhale olimba. Madzi sasowa m'mbale yawo.

Koma kutatsala sabata kuti alendo a chiliza afike, ndinayang'ana khola lija n'kuchita manyazi. Pansi ponse panali maenjemaenje, dothi lili fukufuku, pangodya ina mchenga uli mbwee ngati pamasewera ana. Ndinati anthu adzati chichokereni mwini wake zinthu zasokonekera. Ndinapempha mkamwini wanu kuti andibweretsere dothi la pachulu pa wilibala. Ndinalikanya, ndinathira khola lonse, ndinatsendera ndi chipika, kenako ndinazira ndi dothi lakuda n'kusalaza ndi mwala, monga munandiphunzitsira kuzira m'nyumba. M'mbali ndinalembamo ndi dothi lofiira. M'kholamo munali mokongola, Amayi, mukanaona. Alendo anaima n'kumaloza. Mayi wina wa ku Boma mpaka anajambula pa foni, n'kunena kuti, "Akamba a pano akugona pabwino kuposa ife." Ine ndinanyadira kwambiri. Ndinkati ndakulemekezani.

Dzuwa litaomba masiku angapo, pansi paja panauma gwa, ngati simenti.

Poyamba sindinaone kanthu. Kenako Namawanga anayamba kuyendayenda. Kamba amene ankatha tsiku lonse akuwothera dzuwa pamalo amodzi anayamba kuzungulira khola, kutsata khoma, kubwerera, kutsatanso. Amaima, n'kugunditsa mphuno pansi ngati akununkhiza, n'kutembenuka, n'kuyamba kupalasa ndi miyendo yakumbuyo. Zikhadabo zimangolira kwee, kwee, pansi osalowa. Amakodzapo kuti pafewe, mkodzo n'kumangoyenderera pamwamba. Kenako amasiya, n'kukayesa pena. Kondakitala naye osamupatsa mpata, kumangomugunda chigoba, go, go, tsiku lonse. Sabata yathayi anasiya kudya. Nkhwani za Takondwa zimafota pomwe waziika. Miyendo yakumbuyo anayamba kuikoka, maso analowa m'kati, ndipo ukamuyandikira umamva akupuma ngati munthu wokwera chitunda atasenza nkhuni.

Lachisanu m'mawa ndinapeza dzira limodzi pabwalo lozira lija, loyera, lobulungira, litang'aluka, nyerere zitalizinga. Anangoligwetsa poyera, chinthu chomwe sanachitepo.

Amayi aang'ono anafika ndili chiimire. Anayang'ana dziralo, anayang'ana pansi pozira paja, kenako anayang'ana mimba yanga nthawi yaitali.

"Iwe Esinati," anatero, "amene anazira muno ndani?"

"Ndine, mayi."

"Ndi mimba imeneyo?"

"Eya."

Anaomba m'manja kamodzi. "Mayo ine! Munthu woyembekezera saima pakhomo, samanga mfundo, sakwirira dzenje. Iwe wakatseka maenje onse a mnzako wapakati! Watsekera mnzako njira, nanga yako akatsegule ndani?"

Ndinati, "Mayi, ife ndife a mpingo, zimenezo sititsata."

Iwo anati, "Mpingo ndinaulowa iwe usanamere mano. Ndikungokuuza zomwe anatiuza."

Amayi, ndikudziwa chomwe mukanayankha. Mukanati mwana amatuluka ndi mphamvu ya Mulungu ndi manja a anamwino, osati ndi maenje a kamba. Ndadziuza zimenezo kambirimbiri. Koma mawu aja analowa, ndipo akhala pansi pa nthiti pomwe mwanayu amaponda. Ndikatseka maso ndimaona denga loyera la chipinda chija ndinaberekeramo Takondwa, masiku awiri ndikubuula mwana osatsika, inu mutagwira phazi langa chifukwa dzanja linali ndi singano ya diripi. Munkandiimbira pansipansi. Ulendo uno phazi langa adzagwira ndani? Ndikamuona Namawanga akukoka miyendo, mazira atamudzaza, akufuna potulutsira osapapeza, ndimaona ngati ndikudziyang'ana ndekha.

Loweruka ndinatuma mkamwini wanu ku Mponela kuti akafunse kwa alangizi a ziweto. Anakana kaye. Anati, "Mayi a Tako, mukufuna anthu akandiseke? Anzanga akukafunsa za ng'ombe, ine ndikati kamba wanga wadwala?" Ndinangoyamba kulira, iye n'kutenga njinga. Pobwera anati mlangiziyo anasekadi mpaka kugwira tebulo, n'kuti, "Achimwene, kusukulu tinaphunzira ng'ombe, mbuzi ndi nkhumba, kamba tinkangomuona pa chithunzi." Koma atatha kuseka anamuuza zenizeni. Anati kamba wamwamunayo achoke, asavutitse Namawanga. Anati timukhazike m'madzi ofunda pang'ono, osafika pamphuno. Anati tisayese kufinya kapena kukoka. Ndipo anati akapitirira kusunga mazirawo amaonongekera m'mimba, ndipo kamba amafa.

Tinachita zonsezo. Kondakitala tamutsekera m'chigafa cha fodya, akungogunda nsanamira mokwiya. Namawanga ndinamukhazika m'beseni lanu lobiriwira. Anatulutsa mutu, anamwa, anatseka maso, koma dzira ayi. Lamulungu titaweruka kutchalitchi ndinamunyamula kupita naye kudimba, pa mizere ya mbatata pomwe dothi ndi lofewa. Ndinati apa akumba. Anakhala chete mutu uli m'kati mpaka mthunzi unasuntha. Atatulutsa mutu anatembenuka n'kuyamba ulendo wobwerera kunyumba, akukoka miyendo yake ija, molunjika kukhola. Ndinamutsatira pambuyo pang'onopang'ono, tonse awiri olemedwa, ngati tikuchokera kumaliro. Munkanena kuti, "Kamba sauzidwa pogona." Ndinazimvetsa tsiku limenelo.

Mwina mukufunsa kuti bwanji sindinangoswa pansi paja msanga. Ndinaswa, Amayi. Dzulo ndinagumula pakati pa khola ndi khasu, malo okwana lichero. Anapita, ananunkhiza, anadutsa. Ndinagumula pafupi ndi kakhumbi kawo kogona. Osayang'anako n'komwe. Ndinakhala pansi n'kuti basi, ndamupha, ndipo ndichoka Lachitatu kumusiya akufa, ndipo ndikakafika uko ndikalowa m'chipinda chija ndikudziwa chomwe ndasiya kunyumba.

Lero m'mawa nditatha kulongedza beseni, zitenje ndi tizovala ta mwana, thupi linalemera. Ndinayala mphasa kuseri kwa khitchini pomwe pamafika dzuwa, ndipo tulo tinanditenga. Ndinakulotani. Simunali odwala. Munavala chitenje chija cha masamba a chinangwa, mutanyamula ndowa pamutu, mukuyenda m'nkhungu osaponda pansi kwenikweni. Khola linali lalikulu ngati munda, ndipo akamba anali ambirimbiri, ena aakulu ngati nyumba, chimanga chitamera pamisana pawo, akuyenda nacho mwakachetechete kulowera kuphiri. Inu simunandiyang'ane. Munapita pangodya ya kumadzulo, pomwe khoma limayamba kuombedwa ndi dzuwa nkhungu ikangochoka, n'kutsitsa ndowa, n'kumathira madzi pang'onopang'ono. Madziwo sankatha. Nthaka inkamwa, inkamwa, ikutulutsa nthunzi ndi fungo la mvula yoyamba.

Ndinadzidzimuka fungolo lili m'mphuno. Ndipo ndinakumbuka. Si maloto okha, Amayi, ndinkakuonani ndithu. Chaka chilichonse tikamaliza kukolola munkapita kumtsinje kukatenga mchenga, n'kuusakaniza ndi dothi pangodya imeneyo, n'kutipula mozama mpaka khasu lonse kulowa. Madzi otsukuluzira mbale simunkataya kwina, munkathira pamenepo masana aliwonse. Ndili wamng'ono ndinakufunsani kuti mwadzala chiyani pamene sipamera kanthu. Munaseka n'kuti, "Uwu ndi munda wa Namawanga, mbewu adzala yekha." Mchenga uja ndinauona ngati uve n'kuukwirira ndi dothi la pachulu, unali munda wake. Ine ndi sukulu yanga ya Sitandade 6, ndinazira pamunda wa mwini.

Ndinathamanga, ngati kumeneko n'kuthamanga, n'kutenga khasu. Nditangokweza kamodzi ndinamva mawu kumbuyo.

"Tula pansi khasulo! Ukufuna uchirire m'khola la akamba?"

Anali amayi aang'ono, atabwera kudzaona katundu wa mawa. Ndinawafotokozera ndikulira, mawu akutuluka mosalongosoka. Anamanga chitenje m'chiuno, analavulira m'manja, anandilanda khasu.

"Pati?"

"Pangodyapo, mayi."

Anayamba kukumba akung'ung'udza. "Mkulu wanga ameneyu, anthu amasiya ng'ombe, iye kutisiyira miyala yoyenda. Ndakalamba ine, kulimira kamba! Akandiona a kumpingo ndidzati chiyani?" Koma khasu silinaime. Chikhokhombe cha dothi la pachulu chinasweka zibenthuzibenthu, ndipo pansi pake panatuluka mchenga wanu, wofewa, wozizira. Kenako anaima. Anawerama n'kutola kanthu, n'kukaika pachikhatho. Tinali tizigoba ta mazira a zaka zapitazo, toyera, topyapyala ngati pepala. Anatiyang'ana nthawi yaitali.

"Analidi pano mkulu wanga," anatero motsitsa. Kenako anandikalipira, "Ukuyang'ana chiyani? Kafunditse madzi!"

Tinathira ndowa ziwiri za madzi ofunda, tinatipulanso, tinadikira kuti alowe, dothi likhale lonyowa koma losamata. Ndinamunyamula Namawanga n'kumuika chapatali pang'ono, kuti apite yekha. Amayi aang'ono anatenga Takondwa kupita naye kwawo kuti asachite phokoso. Ine ndinatenga kope ili, chifukwa kungokhala ndikuyang'ana sindikanatha.

Pamene ndimayamba kalatayi anali atangokhala, mutu uli m'kati. Pamene ndimalemba za mbuzi anatulutsa mutu. Pamene ndimalemba za chiliza anayenda, nafika pangodya, nagunditsa mphuno pansi kawiri, katatu. Sindinafune kukuuzani msanga, ndinaopa kuti asiyanso. Koma tsopano watembenuka, Amayi. Wazika miyendo yakutsogolo. Mwendo wakumbuyo wakumanja walowa m'dothi, watapa, wataya pambali. Wakumanzere walowa, watapa, wataya. Sakuona chomwe akuchita, akungokhulupirira miyendo yake. Wakodzamo, ndipo ulendo uno nthaka yamwa. Maso ake ali kutali, ngati munthu amene akumvetsera nyimbo ya kutsidya. Dikirani, ndiike cholembera pansi.

Ndabweranso. Dzuwa lapendeka, lili pamwamba pa mitengo ya bulugamu ya kusukulu, ndipo msana wanga wauma ndi kukhala. Anakumba nthawi yaitali, mpaka mwendo wonse unkalowa osafika pansi. Kenako anaima. Anakweza chigoba kumbuyo, analowetsa mutu m'kati, anatulutsa mpweya wautali, fuu. Ine ndinagwira mimba yanga ndi manja awiri. Palibe chinatuluka. Anayesanso. Ndinapezeka ndikuimba nyimbo yanu ija pansipansi, osadziwa kuti ndayamba liti. Kachitatu, dzira linaoneka, lonyezimira, linatsetsereka n'kugwera m'dzenje mwakachetechete. Analikankhira pambali ndi phazi, mosamala ngati munthu woika kapu ya alendo.

Asanu ndi atatu, Amayi. Ndinawerenga ndi zala. Lachisanu ndi chimodzi linamuvuta kwambiri, linali lalikulu, ndinati apa ndiye pathera. Koma linatuluka. Atamaliza anapumula, kenako anayamba kubwezera dothi ndi miyendo yomwe ija, anatsendera ndi chigoba cha kumimba, kudzikweza n'kudzigwetsa, mpaka pamalopo panasalala ngati sipanachitike kanthu. Anachokapo akudzandira. Anafika pa nkhwani za m'mawa zofota zija, anazinunkhiza, n'kuluma.

Ndinaitana amayi aang'ono ndi mawu omwe sindinkadziwa kuti ndili nawo. Anabwera akuthamanga, Takondwa ali kumsana, akuyesa kuti matenda andiyamba. Atamva anakhala pansi pa njerwa n'kupukuta maso ndi nsonga ya chitenje.

"Waona?" anatero. "Tatsegula. Zija ndinanena zija uziiwale, pakamwa pangapa sipamangidwa chingwe."

Mkamwini wanu ndamuuza zonse zoti achite ine kulibe, ndipo ndamubwerezetsa ngati mwana wa sukulu. Aike waya wa nkhuku pamwamba pa dzenje n'kutsamiza miyala, agalu ndi ng'azi angafukule. Awaze phulusa mozungulira chifukwa cha linthumbu. Kondakitala akhale m'chigafa mpaka Namawanga abwerere m'thupi, olo agunde nsanamira mpaka igwe. Dothi la pachulu lotsalalo aligumule lonse, ndisadzalionenso. Ndipo koposa zonse asafukule kuti aone. Ndamuuza mawu anu aja, akuti dzira la kamba lili ndi kumwamba kwake, ukalitembenuza wapha mwini nyumba. Anati, "Ndamva, mayi a Tako, nanga ine ndi amene ndinazira?" Ndinamuponyera chitsononkho.

Tsopano ndinene zoona, poti kwa inu sindibisa. Mantha sanathe onse. Achepa, koma alipo. Namawanga wachira, koma ine ulendo wanga ndi wa mawa, ndipo chipsera cha pamimbachi chimandikumbutsa kuti si onse amene amapita kuchidikiro n'kubwera ndi mapazi awo. Ndawerenga miyezi. Mazirawa adzakhala pansi chilimwe chonse, adzamva mabingu, adzamva mvula ikudutsa pamwamba pawo, ndipo sadzaswa mpaka chimanga cha chaka chamawa chitayamba kucha. Pamenepo padzafunika munthu wodziwa kuona kadzenje kakang'ono pangodya, wotola tianato akhwangwala asanatione, wotisunga m'dengu mpaka zigoba zitalimba, n'kukatitula kuphiri monga munkachitira. Mkamwini wanu sadziwa. Amayi aang'ono maso ayamba kuchita nkhungu. Takondwa angatiike m'thumba n'kumasewera nato. Wotsala ndine.

Ndiye ndikulonjeza, Amayi. Ndidzakhalapo. Ndidzakwera phiri lija ndi dengu pamutu, mdzukulu wanu watsopano ali kumsana, Takondwa akutsogolera. Mchenga ndidzatenga ndekha kumtsinje chaka chilichonse, ndipo m'khola limeneli simudzalowanso mwala wozirira.

Koma nanunso mundithandize chinthu chimodzi. Ndimakusowani kwambiri, ndipo ndikudziwa kuti ululu ukadzafika pachimake ndidzakuitanani, mwina ndidzafuna kubwera komwe muliko. Masiku akubwerawa muziyang'ana kunjira. Mukadzaona munthu akubwera chapatali m'nkhungu, akuyenda ngati ine, musadzandilandire, musadzayale mphasa. Mudzaime pakati pa njira, mudzandikalipire monga munkachitira ndikathawa kusukulu, mudzandibweze. Mudzandiuze kuti ndili ndi ana awiri pakhomo ndi asanu ndi atatu m'nthaka.

Ndimakukondani lero monga ndinkakukonderani muli pano.

Ndine mwana wanu,
Esinati